Chikope chogwa madzulo: kuyerekeza njira zopimira myasthenia gravis kwa wodwala wa ku Mangochi

M'mawa munthu adzuka ali bwinobwino. Pofika 3 koloko masana chikope chimodzi chayamba kulendewera, bwato limodzi panyanja akuliona ngati awiri, ndipo pa nsima ya madzulo nsagwada zatopa mbale isanathe. Akagona, mawa lake zonse zabwerera m'malo. Kunyumba ena amati ndi ulesi, ena amati pali dzanja la munthu, ndipo kuchipatala chaching'ono amupima malungo ndi shuga n'kumubweza ndi panado. Kufooka kotere, kobwera mnofu ukagwira ntchito n'kuchoka ukapuma, ndicho chizindikiro chachikulu cha nthenda yosowa yotchedwa myasthenia gravis.

Pomwe mtsempha ukumana ndi mnofu pali kampata kakang'ono. Mtsempha umatulutsa mankhwala otchedwa acetylcholine, omwe amaoloka kampatako n'kukatera pa timalo tolandirira uthenga ta mnofu, ndiye mnofu umakoka. Pa nthendayi chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kupanga ma antibody owononga timalo timeneti. Kupima magazi kumafunafuna ma antibody amenewo. Koma uku si kupima kwa tsiku ndi tsiku kwa labotale ya chipatala cha pa boma. Magazi ayenera kuyenda ulendo wautali, yankho limachedwa, ndipo kawirikawiri banja ndilo limapisa m'thumba. Nkhani ili pa kusankha choyamba n'chiti, chodikira n'chiti, ndi chomwe ndalama isatayidwepo.

Zoyesa pabedi pomwepo

Njira yotsika mtengo koposa ndi kutopetsa mnofu dala. Wodwala ayang'ane m'mwamba osaphethira kwambiri kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, wopima akuyang'ana ngati chikope chikutsika. Awerenge mokweza kufika pa 50, mumve ngati mawu ayamba kutulukira m'mphuno. Atambasule mikono kwa mphindi ziwiri. Palibe cholipira apa, koma pamafunika kulemba zomwe zaoneka ndi nthawi yake, chifukwa wodwala wopimidwa 8 koloko m'mawa atagona bwino akhoza kuoneka wopanda vuto.

Yachiwiri ndi ya ayisi. Yezani ndi rula mpata wa pakati pa chikope chapamwamba ndi chapansi, m'mamilimita, ndipo jambulani ndi foni ngati wodwala walola. Ikani ayisi wophwanya mu gulovu kapena m'kapepala kapulasitiki, mumuike pa chikope chotseka kwa mphindi 2, muchotse, muyezenso pomwepo masekondi 10 asanadutse. Mpata ukawonjezeka ndi mamilimita 2 kapena kuposa, mayesowa aloza ku myasthenia. Kuzizira kumafooketsa chinthu chomwe chimaphwanya acetylcholine, motero uthenga umakhalitsa pa mnofu. Mwa odwala 10 a chikope chogwa chifukwa cha nthendayi, pafupifupi 8 amaonetsa kusintha. Zolakwika zake n'zodziwika: kuyeza mochedwa chikope chitafunda kale, zomwe sizitenga nthawi pa kutentha kwa Okutobala, ndiponso kugwiritsa ntchito ayisi paki wouma gwa wa m'bokosi la katemera, yemwe sakhudza chikope chonse. Chikope chikakhala chotsekeratu, kapena vuto likakhala kumeza kokha popanda chikope, njirayi ilibe chonena.

Yachitatu ndi jakisoni wa neostigmine, mankhwala omwe amapezeka ku fiyeta chifukwa ogonetsa odwala amadzutsira nawo minofu opaleshoni ikatha. Kwa wamkulu mlingo wozolowereka ndi 1.5 mg wobaya mu mnofu, atayamba walandira 0.6 mg ya atropine, mankhwala ochepetsa zovuta za neostigmine. Apa pali msampha: kabotolo kofala kamakhala ndi 2.5 mg mu mililita imodzi, choncho mlingo woyenera ndi 0.6 ml, osati kabotolo konse. Kusintha kumayamba pakatha mphindi 10 mpaka 15, n'kufika pachimake pafupifupi pa mphindi 30. Musanabaye sankhani chinthu chimodzi choyezeka, monga mpata wa chikope kapena masekondi omwe wodwala akhoza kudzutsa mutu atagona chagada. Mawu akuti "ndikumvako bwino" si muyezo. Mankhwalawa amachepetsa kugunda kwa mtima, amachulukitsa malovu, amapotokola m'mimba, ndipo akhoza kutseka chifuwa. Wa mphumu kapena wa mtima wogunda pang'onopang'ono asayesedwe motere, ndipo mayesowa achitikire pomwe pali okosijeni ndi atropine wina ali chire mu sirinji. M'mabuku akale mupeza dzina la edrophonium. Mankhwalawo anasiya kupezeka m'maiko ambiri, musataye nthawi kuwafunafuna.

Njira zitatuzi zimapereka yankho tsiku lomwelo, ndipo zikagwirizana ndi mbiri ya wodwala n'zokwanira kuti dokotala ayambe pyridostigmine, mapiritsi othandiza uthenga kukhalitsa pa mnofu, ndi kulemba kalata yotumiza. Chomwe sizinena ndi mtundu wa nthendayo, ndipo mtundu ndi umene umasankha chithandizo cha zaka zikubwerazo.

Ma antibody atatu, koma osati onse tsiku limodzi

Woyamba ndi wa AChR, wolimbana ndi timalo tolandirira acetylcholine tenitenito. Mwa odwala 100 omwe kufooka kwafalikira thupi lonse, pafupifupi 85 amapezeka naye. Mwa omwe nthenda ili m'maso mokha, ndi theka chabe. Akapezeka mwa munthu wa zizindikiro zoyenera, nkhani yatha, palibenso chifukwa chopimira ena.

Wachiwiri ndi wa MuSK, yemwe ofufuza a gulu la Angela Vincent ku Oxford anamulengeza mu 2001. Amapezeka mwa odwala pafupifupi 5 mpaka 8 pa 100, ambiri mwa iwo amayi, ndipo nthenda yake imakonda nkhope, lilime, kummero, khosi ndi minofu yopumira. Kudziwa za iye kuli ndi phindu lenileni. Odwala ake sathandizika bwino ndi pyridostigmine, ena amangothothoka nawo minofu ndi kuchucha malovu. Opaleshoni yochotsa thymus, kachiwalo ka chitetezo cha m'thupi kokhala kuseri kwa fupa la pachifuwa, siwathandiza, pomwe mankhwala a rituximab amawagwira bwino. Kwa a AChR n'zosiyana: kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti kuchotsa thymus kumathandiza akuluakulu omwe nthenda yafalikira thupi lonse, ngakhale alibe chotupa.

Wachitatu ndi wa LRP4, wodziwika kuyambira 2011. Amapezeka mwa ochepa, amapezekanso pa nthenda zina za mitsempha, ndipo yankho lake silisintha kwenikweni zomwe dokotala angachite. Kwa banja la ku Namwera lomwe lagulitsa mbuzi kuti lipime magazi, uyu ndi wosiya.

Ma labotale ena amagulitsa zonse pamodzi ngati phukusi, kuphatikizapo mitundu itatu ya AChR yomwe pa fomu imalembedwa kuti binding, blocking ndi modulating, komanso wina wotchedwa striational kapena titin. Phukusi limaoneka ngati kusamala, koma ndalama zambiri zimapita pa mayankho osagwira ntchito. Lembani AChR binding yekha. Pa fomu yomweyo pemphani kuti akapanda kupezeka, labotale ipime MuSK pa magazi omwewo. Wodwala yemwe vuto lake lalikulu ndi kumeza, kulankhula ndi kupuma, maso ali bwino, ndiye yekha woyenera kupimidwa awiriwo nthawi imodzi.

Mmene labotale imapimira, ndi chifukwa chake muyenera kufunsa

Mapepala awiri olembedwa "AChR negative" akhoza kukhala ndi kulemera kosiyana, malinga ndi njira yomwe anapimira.

Njira yakale, yomwe zina zonse zimayerekezedwa nayo, imatchedwa RIPA kapena RIA. Inachokera ku ntchito ya Jon Lindstrom ndi anzake mu 1976, ndipo maziko ake ndi ululu wa njoka. Njoka ina ya ku Taiwan ndi kum'mwera kwa China ili ndi ululu wotchedwa alpha-bungarotoxin, womwe umamatirira zolimba pa timalo tolandirira tija. A labotale amaphatikiza ululuwo ndi iodine-125, yemwe amatulutsa cheza choyezeka, n'kuumatika pa timaloto, kenako n'kusakaniza ndi magazi a wodwala. Ngati muli ma antibody, amagwira timaloto, zonse zimamira pansi, ndipo makina amawerenga chezacho. Yankho limabwera mu nmol/L. Njirayi sikawirikawiri kunamizira munthu nthenda yomwe alibe. Kuipa kwake n'kwakuti mphamvu ya iodine-125 imatsika ndi theka pa masiku pafupifupi 60, zipangizo zake sizisungika, pamafunika chilolezo chogwirira zinthu za cheza, ndipo ma labotale akuluakulu okha ndi omwe amakwanitsa. Amadikiranso kuti magazi a anthu angapo asonkhane asanatsegule zipangizo, ndiye chimodzi mwa zifukwa zomwe yankho limachedwera.

ELISA ndi njira yomwe a labotale ambiri kuno akuidziwa kale kuchokera ku ntchito zina. Sifuna cheza, makina ake ndi ofala, mtengo wake ndi wotsikirapo. Koma pa AChR imaphonya odwala ena omwe RIPA ikanawapeza, ndipo imatulutsa mayankho ena onama pa milingo yotsika. Yankho la ELISA lokwera kwambiri mwa munthu wa zizindikiro zoonekeratu n'lodalirika. Longodutsa malire pang'ono mwa munthu amene dandaulo lake ndi kutopa kwa thupi lonse, popanda chikope kapena kumeza, lisapangitse munthu kumwa prednisolone, mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, kwa zaka.

Njira yatsopano ndi ya maselo, yolembedwa CBA. Amalera maselo omwe aunjikidwa timalo tolandirira mothithikana monga mmene timakhalira pa mnofu weniweni, amathirapo magazi a wodwala, n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati m'mbali mwa maselo mukuwala. Ma antibody ena ogwira mofooka amaoneka pokhapokha timaloto tikathithikana, choncho CBA imapeza ena mwa odwala omwe RIPA inawaphonya, makamaka ana ndi a nthenda ya m'maso mokha. Pali ya maselo amoyo, yomwe imapeza ambiri koma imachitika m'malo ochepa a kafukufuku, ndi ya maselo owumitsidwa yomwe imagulitsidwa ngati zipangizo zokonzeratu. Imadalira diso la wowerenga, ndipo yankho lake limangoti alipo kapena palibe, mwina ndi mlingo wa kuwala.

Mukakhala ndi mwayi wosankha, RIPA kapena CBA ndi zoyamba. ELISA ndi yabwino kuposa kusapima, bola wowerenga yankho adziwe malire ake. Musanatenge magazi imbirani labotale ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe yomwe mukufuna kugwiritsa ntchito, mufunse ngati imapima yokha kapena imatumiza kunja, njira yomwe amapimira, tsiku lomwe katundu amanyamuka, ndi mtengo wonse kuphatikizapo wonyamulira.

Kutumiza magazi kapena kutumiza munthu

Kuchokera pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba ndi pafupifupi makilomita 190. Wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay awonjezerepo ulendo wake wofikira pa boma. Pali njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi pake.

Kutumiza magazi kumapulumutsa ndalama ya thiransipoti ya anthu awiri, koma kumafuna labotale ya kuno yokhala ndi makina ozunguza magazi ndi firiji yodalirika. Wodwala safunika kusala kudya. Tengani mamililita 5 m'chubu cha chivindikiro chofiira, kapena chachikasu chokhala ndi jelo pansi. Chubu cha chivindikiro cha pepo, chomwe manja anazolowera chifukwa cha vairo lodi ndi kuwerenga magazi, si choyenera pano. Siyani chubu chiimirire magazi aundane, mphindi 30 ngati ndi chachikasu, mpaka ola limodzi ngati ndi chofiira. Zunguzani kwa mphindi 10, kenako maola awiri asanathe tsanulirani madzi achikasu a pamwamba, omwe a labotale amati serum, m'timachubu tiwiri ta chivindikiro chopotokola, kalikonse mililita imodzi kapena kuposa. Kamodzi katumizidwe, kena katsale mu filiza. Koyamba kakatayika panjira kapena pakafunika MuSK, wodwala sadzaitanidwanso kuchokera kutsidya la nyanja.

Serum amakhala bwino pa madigiri 2 mpaka 8 kwa sabata imodzi. Kupitirira apo aumitsidwe pa madigiri 20 pansi pa ziro. Chomuwononga ndi kusungunuka n'kuumanso mobwerezabwereza, zomwe zimachitika mwakachetechete magetsi akamazimazima usiku. Ngati filiza ilibe jenereta kapena sola, ndi bwino kusunga m'firiji n'kutumiza msanga kusiyana n'kuumitsa. Ma antibody eni akewo ndi olimba ndithu. Chomwe chimalephera kawirikawiri ndi magazi osazunguzidwa: akayenda m'galimoto yotentha, kapena chubu chikagunda ayisi paki n'kuuma, maselo ofiira amaphulika, serum amafiira, ndipo labotale imakana. Kulungani kachubu ndi thonje, ikani m'kachikwama kapulasitiki kotseka, kenako m'bokosi loziziritsa, katoni ili pakati pa kachubu ndi ayisi. Fomu ikhale m'pepala lakelake kuti isanyowe. Tengani magazi Lolemba kapena Lachiwiri. Otengedwa Lachisanu amagona panjira kumapeto kwa sabata.

Pa fomu lembani dzina, tsiku lobadwa, tsiku ndi ola lotengera magazi, mankhwala onse omwe wodwala akumwa, ndi nambala ya foni ya dokotala yemwe adzalandire yankho.

Kutumiza munthu kumadya ndalama zambiri, koma ulendo umodzi ukhoza kukwaniritsa zinthu zingapo: kuonedwa ndi dokotala wa matenda a akuluakulu, kutengedwa magazi pafupi ndi labotale, ndi kujambulidwa chifuwa. Wodwala wa m'maso mokha, yemwe akudya ndi kupuma bwino, magazi ake ayende okha iye akudikira tsiku la kiliniki. Wotsamwa akamamwa madzi, wolephera kudzutsa mutu, kapena wopuma movutikira akagona chagada, apite iye mwini kudzera m'chipatala, pa ambulansi, ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth, osati pa minibasi. Muyezo wachangu ndi uwu: akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza, manambala awiri pa sekondi. Wosafika pa 20 ali pangozi. Kachipangizo ka pa chala koyeza okosijeni kamanyenga pa nthendayi, chifukwa nambala yake imatsika mochedwa, minofu yopumira itatopa kale.

Pepala likabwera

Yankho loti palibe silitseka nkhani. Kumayambiriro kwa nthenda ma antibody akhoza kukhala ochepa kwambiri, ndipo ena omwe sanapezeke nawo poyamba amapezeka nawo akapimidwanso pakatha miyezi 6 mpaka 12. Prednisolone ndi azathioprine amatsitsa mlingo, n'chifukwa chake magazi ayenera kutengedwa mankhwalawa asanayambe. Pyridostigmine sasokoneza, ndiye palibe chifukwa chomumana wodwala podikira. Kusefa magazi kumachotsa ma antibody, pomwe mankhwala a IVIG, opangidwa kuchokera ku magazi a anthu ambiri, akhoza kusokoneza yankho kwa masabata angapo. Mwana yemwe wakhala ndi zikope zogwa chibadwire akhoza kukhala ndi mtundu wa chibadwa womwe ulibe ma antibody konse, ndipo prednisolone samuthandiza.

Yankho loti alipo likhozanso kusocheretsa ngati mlingo ndi wotsika ndipo zizindikiro sizikugwirizana. Zoterezi zimaoneka mwa ena a chotupa cha thymus opanda kufooka, a nthenda ina yofooketsa minofu yotchedwa Lambert-Eaton, ndi a matenda ena a chitetezo cha m'thupi. Malire a labotale iliyonse amalembedwa pa pepala lomwelo, ndipo manambala a ma labotale awiri osiyana sayerekezedwa. Kukula kwa nambala sikusonyeza kukula kwa nthenda: wa nambala yaikulu akhoza kumapalasa bwato, wa yaing'ono ali pa makina opumira. Choncho kubwereza kupima miyezi itatu iliyonse pofuna kuona ngati mankhwala akugwira n'kuwononga ndalama. Rula, wotchi ndi kuwerenga pa mpweya umodzi zimanena zambiri.

Kuno kunyanja pali zina zofanana ndi myasthenia zomwe sizidikira yankho la magazi. Kulumidwa ndi mamba kapena songo kumagwetsa zikope m'maola ochepa. Mankhwala ophera tizilombo m'munda amafooketsa minofu, malovu ali chuchuchu, mboni za m'maso zitachepa, ndipo kubaya neostigmine munthu wotere n'kuthira mafuta pamoto. Chikope chogwa pamodzi ndi mutu waukulu, kutentha thupi kapena mboni yokula mbali imodzi, makamaka mwa munthu yemwe ali ndi HIV, chimaloza ku ubongo, monga meninjaitisi ya TB kapena ya cryptococcus. Myasthenia sikhudza mboni, sichititsa dzanzi, ndipo siipweteka.

Kumene ndalama yotsala iyenera kupita

Kupima kwa magetsi, komwe mtsempha umagwedezedwa kawiri kapena katatu pa sekondi n'kuona ngati mphamvu ya mnofu yatsika kuposa magawo 10 pa 100, n'kothandiza makamaka kwa yemwe magazi ake sanaonetse kanthu. Kumafuna makina ndi katswiri, ndipo wodwala asiye pyridostigmine kwa maola 12 ngati dokotala waona kuti n'zotheka.

Chosayenera kudumpha ndi CT ya chifuwa, kujambula kwa makina oonetsa za m'kati mwatsatanetsatane kuposa ekisire. Mwa odwala 100, pakati pa 10 ndi 15 amakhala ndi chotupa cha thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndipo ekisire wamba amaphonya zotupa zazing'ono. Banja likakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, wodwala ali ndi zizindikiro zoonekeratu, ayisi ndi neostigmine zavomereza, CT ndi mankhwala a miyezi ingapo zili patsogolo pa phukusi la ma antibody. Kupima chithokomiro nako n'koyenera, chifukwa matenda ake amakonda kuyendera limodzi ndi nthendayi. Prednisolone asanayambe, wodwala apimidwe HIV, shuga, hepatitis B ndi zizindikiro za TB, ndipo mlingo uyambe wotsika, chifukwa waukulu ukhoza kuwonjezera kufooka m'masabata awiri oyamba.

Ana ndi achinyamata asachedwetsedwe podikira pepala. Madokotala a ku Cape Town, motsogozedwa ndi Jeannine Heckmann, anaonetsa kuti mwa odwala a makolo a mu Africa, makamaka omwe nthenda inawayamba ali ana, alipo ena omwe minofu ya maso imafooka kosabwerera ngakhale alandire mankhwala.

Pa masabata odikira yankho, m'buku la kuchipatala la wodwala mulembedwe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba kuti akuganiziridwa myasthenia gravis, ndi mankhwala oyenera kupewa: gentamicin, ciprofloxacin, erythromycin, azithromycin, kwinini, chloroquine, propranolol ndi magnesium sulphate. Ambiri mwa awa ndi a tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu, ndipo wopereka sangadziwe ngati bukulo silinena. Magnesium sulphate ndiye wofunika kusamala naye kwambiri kwa mayi woyembekezera, chifukwa ndi amene azamba amathamangira BP ikakwera kapena mayi akayamba kukomoka, ndipo kwa wa myasthenia akhoza kuimitsa kupuma. Mayi wotere achilire ku chipatala chachikulu, ndipo khanda lake liyang'aniridwe kwa masiku atatu kapena anayi, chifukwa ma antibody a mayi amaoloka kupita kwa mwana, ndipo mwa makanda 10 mmodzi kapena awiri amayamwa mofooka ndi kulira motsika kwa masabata angapo.